Kudzuka Kosayankha: Kiyibodi, Tulo ndi Funso la Kuuka kwa Thupi

Mwa mavuto onse amene amagwera makompyuta onyamula m'manja, amene anthu amawatchula kuti malaputopu, pali limodzi limene amisiri saliwerengera kwenikweni chifukwa kawirikawiri limatha munthu akangozimitsa makinawo n'kuwayatsanso, koma limene likalingaliridwa mofatsa limakafika pa funso lakale kwambiri la chipembedzo ndi nzeru za anthu. Vutolo ndi lakuti kompyuta imene inagonekedwa, ndiko kuti inatsekedwa ili chiyakire kuti isadye moto wambiri, imadzuka bwinobwino, sikirini n'kuwala, zolemba n'kukhala pomwe mwini wake anazisiya, koma kiyibodi, yomwe ndi mndandanda wa mabatani olembera, osayankha ngakhale batani limodzi. Funso lobisala m'menemo ndi lakuti kodi chinthu chimene chasunga zonse zimene chinkadziwa, koma palibe amene angathe kulankhula nacho, chinganenedwe kuti chadzuka, ndipo ngati sichinadzuke, kodi chafa.

Ku Mpamba, malo a malonda amene ali pa msewu wa M5 wotsika kuchokera ku Mzuzu kupita ku Nkhata Bay, vutoli si lachilendo, pakuti malaputopu ambiri amene ali m'manja mwa aphunzitsi, alembi a mipingo ndi achinyamata otayipira anthu makalata ndi ogwirapo kale ntchito kunja, ogulidwa m'mashopu a ku Mzuzu kapena otumizidwa ndi abale a ku Joni, ndipo mabatire ake anafooka kalekale. Magetsi akathima, kapena sola ikachepa mphamvu m'miyezi ya mvula, imene m'boma la Nkhata Bay imagwa yochuluka kuposa m'madera ambiri a Malawi, mwini laputopu saizimitsa koma amangoitseka, kuti kamoto kotsalako kadzamuthandize madzulo. Akadzaitsegula, chithunzi cha pasikirini chimabwera, kabokosi kofunsa mawu achinsinsi kamaoneka, ndipo mkati mwake kamzere koima kamangophethira, kudikira zilembo zimene sizikufika, uku munthu akudina mabatani mwamphamvu ngati kuti chimene chaperewera ndi nyonga ya chala. Pa mphindi imeneyo makina akufunsa mwini wake kuti atsimikize kuti ndi yemwe uja anawagoneka, ndipo mwiniyo, amene yankho akulidziwa bwino, wasanduka wosalankhula, popeza kiyibodi ndiyo pakamwa pake ndiponso ndiyo khutu la makinawo.

Kuti nkhani ya makina ifike pa nkhani ya imfa sipafunika kuikoka ndi chingwe, chifukwa chilankhulo chinaziyandikizitsa kale zinthu ziwirizi. Akuluakulu amati kugona n'kufa, kutanthauza kuti wogona sadziwa chimene chikuchitika pakhomo pake ndipo sangafunsidwe za zimene zinachitika iye ali m'tulo. Womwalira amanenedwa kuti wagona, kapena kuti watsikira kuli chete, mawu osonyeza kuti m'maganizo a anthu chizindikiro chachikulu cha manda ndi kusayankha. Ngakhale moni wa m'mawa, kaya wa Chichewa wofunsa mmene munthu wadzukira, kaya wa Chitonga wakuti mwayuka uli, amene amamveka m'makomo a ku Mpamba dzuwa likamatuluka, ntchito yake yoyamba ndi kuyesa ngati wa m'nyumbamo ayankha, ndipo nkhalamba yogona yokha ikapanda kuyankha kawiri katatu, achibale amayamba ayang'anizana kaye asanakankhe chitseko. Pa chikhalidwe chotere umboni wa kudzuka ndi yankho, ndipo opanga makompyuta, posankha mawu a kugona ndi kudzuka pofotokoza zochita za makina awo, anabwereka fanizo lolemera kuposa mmene ankaganizira.

Dziko la Atonga lakhala bwalo la mkangano wa tulo ta akufa kwa zaka zoposa 100. Mishoni ya Livingstonia, imene inasamuka ku Cape Maclear n'kukhazikika ku Bandawe mu 1881 motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, inadza ndi chiphunzitso cholembedwa m'Chivomerezo cha Westminster cha m'zaka za m'ma 1640, chakuti munthu akamwalira thupi lake limavunda koma mzimu wake umakhalabe wamoyo ndiponso wozindikira, n'kubwerera nthawi yomweyo kwa Mulungu. Chiphunzitsochi chinali ndi mizu yozama, pakuti John Calvin mwiniyo buku lake loyamba la zaumulungu, Psychopannychia, limene analilemba mu 1534 n'kusindikizidwa mu 1542, linali lotsutsa iwo amene ankati mizimu imagona. Koma mu 1908 Elliot Kamwana, Mtonga amene anaphunzira ku Bandawe ndi ku Khondowe, anabwerako ku South Africa, kumene anakumana ndi mmishonale Joseph Booth, atatenga chiphunzitso cha Watch Tower cha Charles Taze Russell, ndipo m'miyezi yowerengeka anabatiza anthu oposa 9,000 boma la atsamunda lisanamuchotse m'dziko mu 1909. Olemba mbiri ya Kamwana amakonda kukamba za msonkho ndi za ulosi wa chaka cha 1914, koma mabuku a Russell ankaphunzitsanso kuti akufa sadziwa kanthu ndipo ali m'tulo kufikira tsiku la kuuka. A Seventh-day Adventist, amene anayamba ntchito ku Malamulo mu 1902 ndipo pambuyo pake anatsegula mishoni ku Luwazi m'boma lomwe lino la Nkhata Bay, amaphunzitsa chimodzimodzi pa mfundo imeneyi, monganso a Mboni za Yehova.

Pansi pa ziphunzitso ziwirizi pali chikhulupiriro cha makolo, chimene sichinafe, chakuti mizimu ya akufa ili maso, imaona zochitika pamudzi, imadza m'maloto ndipo imakwiya ikaiwalidwa. N'chifukwa chake pa maliro amodzi, pa msasa umodzi, amatha kukhalapo mkulu wa mpingo wa CCAP wokhulupirira kuti malemu ali kale pamaso pa Mulungu, mlamu wake wosunga Sabata wokhulupirira kuti malemu sakudziwa ngakhale kuti anthu akuwalira, ndi azakhali odera nkhawa kuti mwambo ukalakwika malemuwo adzabwera usiku kudzafunsa. Onsewa amatsutsana pa chinthu chimodzi, ndicho chimene chimasungidwa pakati pa kugona ndi kudzuka, ndi malo amene chimasungidwa.

Mmene kompyuta imagonera zinaikidwa m'dongosolo mu 1996, pamene makampani a Intel, Microsoft ndi Toshiba anatulutsa pangano lotchedwa ACPI, lofotokoza mmene pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina, monga Windows kapena Linux, iyenera kugwirizanirana ndi zipangizo za mkati pa nkhani ya moto. Panganolo linagawa moyo wa makina m'magawo, kuyambira S0, pamene kompyuta ili maso ndipo ikugwira ntchito, mpaka S5, pamene yazimitsidwa. Awiri mwa magawo apakati ndiwo ofunika pano. Pa gawo la S3 pafupifupi chilichonse chimazimitsidwa kupatula RAM, yomwe ndi nkhokwe ya zimene makina akuchita pa nthawiyo, ndipo nkhokwe imeneyi imasunga zinthu pokhapokha ikamalandira kamoto mosalekeza, moti batire likatheratu zonse zimafufutika. Pa gawo la S4 zonse za mu RAM zimakoperedwa pa disiki, imene imasunga zolembedwa popanda moto, kenako makina amazimiratu, ndipo angakhale m'kabati miyezi ingapo koma akadzayatsidwa amawerenga zolembedwazo n'kubwerera pa mzere womwe uja anasiyira. Malaputopu atsopano ambiri ali ndi tulo ta mtundu wina, timene Microsoft imatitcha Modern Standby ndipo a Linux amati s2idle, pamene makina sachoka pa S0 koma amangosinza, ziwalo zake zikupuma chimodzichimodzi.

Kufanana kwa magawo amenewa ndi ziphunzitso zija n'koonekeratu moti kukhoza kunyenga. Tulo ta S3 tikufanana ndi chiphunzitso cha ku Bandawe pa mfundo yakuti pali kena kake kamene sikazima, kamene kamadalira mphamvu yochokera kunja kwake mphindi iliyonse, ngakhale kuti a Calvin sangavomere kuti mzimu umangosunga zinthu osazindikira. Tulo ta S4 tikufanana ndi chiphunzitso cha ku Luwazi ndi cha a Mboni, chakuti mwa wakufayo mulibe kanthu kalikonse koyaka, koma iye yense walembedwa m'chikumbukiro cha Mulungu, amene adzamubwezeretsa. Otsutsa chiphunzitso chachiwirichi amafunsa ngati woukayo adzakhale yemwe uja kapena wina wofanana naye, popeza cholembedwa chikhoza kukoperedwa kawiri, ndipo otsutsa choyamba amafunsa phindu la kuuka kwa thupi ngati mzimu uli kale pabwino. Mafunso awiriwa ndi akale ndipo sadzathera pa maliro a ku Mpamba. Chimene kiyibodi yosayankha ikuwonjezera pa mkanganowu n'chakuti vutoli limatha kuoneka pa mitundu yonse ya tulo, kutanthauza kuti gwero lake silikhala m'kusunga koma m'kudzuka.

Chifukwa chake chimamveka munthu akadziwa njira imene chilembo chimayenda. Kiyibodi ya mkati mwa malaputopu ambiri imalumikizidwa ndi kalamba kopyapyala ku kachipangizo kakang'ono koyang'anira batire, chivundikiro ndi batani loyatsira, ndipo kachipangizoka kamalankhula ndi makina onse motsanzira chipangizo chakale chotchedwa Intel 8042, chimene kampani ya IBM inaika m'kompyuta yake ya PC/AT mu 1984. Munthu akadina batani, kachipangizoka kamagogoda pa khomo la purosesa, yomwe ndi ubongo wa makina, kudzera pa mzere wodulira ntchito wa nambala 1, ndipo kapulogalamu kotchedwa dalaivala, kamene ntchito yake ndi kumasulira pakati pa chipangizo ndi pulogalamu yaikulu, kamatenga uthengawo n'kuusandutsa chilembo. Makina akamagona ziwalo zake zimaletsedwa motsatana, ndipo akamadzuka dalaivala aliyense amayenera kuitana chiwalo chake mwatsopano, kuchiuza malamulo ake ndi kutsegulanso khomo logogodapo. Pulogalamu ya fakitale yokhala m'bolodi, yotchedwa BIOS, ikasemphana ndi dalaivala pa nthawi kapena pa ndondomeko, mwina chiwalo n'kuitanidwa chisanakonzeke, khomolo limatsala lotseka, ndipo mabatani amatumiza uthenga umene palibe akuulandira. Choncho RAM imakumbukira kuti kiyibodi ilipo, dzina lake likuonekabe pa mndandanda wa zipangizo, koma ubale wa ziwirizi sunasungidwe m'tulo muja ndipo umayenera kumangidwanso.

Mmisiri wodziwa ntchito yake safulumira kulengeza maliro a kiyibodi, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Amayamba wadina batani la Caps Lock n'kuyang'ana kagetsi kake, pakuti kagetsiko sikayatsidwa ndi batanilo mwachindunji koma ndi pulogalamu yaikulu itamva uthenga n'kubweza yankho, moti kakayaka ndiye kuti njira yopita ndi yobwerera zili bwino ndipo vuto lili pamwamba, mwina pa zoikamo monga Filter Keys, imene pa Windows imatha kuyaka munthu akakanikiza batani la Shift la kumanja kwa masekondi 8. Kakapanda kuyaka amayesa mabatani owonjezera kuwala kwa sikirini, amene pa makina ena amadutsa njira ina, ndipo akagwira ntchito amakhala umboni wakuti kiyibodiyo ndi yamoyo ngakhale sikumveka. Kenako amayendetsa chala pa malo osunthira kamuvi kuti aone ngati makina onse auma kapena ndi chiwalo chimodzi chokha, n'kulowetsa kiyibodi ina ya USB, kapena kutsegula kiyibodi ya pasikirini imene imapezeka pangodya pa tsamba lofunsa mawu achinsinsi, kuti mwini makina alowe n'kusunga ntchito yake, kaya ndi mayeso a teremu kaya ndi malipoti a chopereka, zinthu zisanaipe. Nthawi zina kungotseka chivundikiro n'kutsegulanso kumakwanira, chifukwa kudzuka kwachiwiri kumaitananso ziwalo zonse.

Chiyeso chogamula mlandu ndi kuyatsanso makina n'kulowa mu BIOS, kawirikawiri podina F2 kapena batani lina lotere makina akangoyaka, popeza m'menemo Windows kapena Linux zimakhala zisanayambe kugwira ntchito. Kiyibodi ikayankha m'menemo, chitsulo ndi waya zilibe mlandu. Ikakana, mmisiri amatembenukira ku kalamba kaja, ku dzimbiri lobwera ndi chinyezi cha kunyanja, ku nyerere, kapena ku tiyi amene anatayikirapo ndipo mwini wake sakufuna kuulula. Pali msampha umodzi umene umagwira ambiri: kuyambira pa Windows 8 ya mu 2012, lamulo lozimitsa makina silizimitsa kwathunthu ngati Fast Startup ili yoyatsa, koma limalemba gawo la pulogalamu yaikulu pa disiki monga zimakhalira pa S4, pamodzi ndi madalaivala ake, moti munthu akhoza kuzimitsa ndi kuyatsa kangapo akubwezeretsa chilema chomwecho, pamene lamulo la Restart ndilo limayambitsa zonse mwatsopano. Kuti vuto lisabwererenso, wa Windows amaona mitundu ya tulo imene makina ake ali nayo polemba powercfg /a, amazimitsa Fast Startup, ndipo ngati kiyibodi ndi ya USB amachotsa mu Device Manager chilolezo chakuti makina azizimitsa chipangizocho posunga moto. Wa Linux amawerenga zimene makina analemba podzuka kudzera pa dmesg kapena journalctl, n'kufufuza mawu akuti i8042 ndi atkbd, amayesa kuwonjezera i8042.reset pa malamulo oyambitsira makina, kapena amasintha tulo kuchoka pa s2idle kupita pa deep ngati makinawo akulola. Kusintha BIOS kuti ikhale yatsopano kumachiza makina ambiri, koma kumalo kumene magetsi amathima osatsanzika ntchito imeneyi ichitike batire lili lodzaza, chifukwa ikadukira pakati bolodi ikhoza kufa imfa yeniyeni.

Wanzeru wa ku England John Locke, m'chaputala chimene anawonjezera mu 1694 m'buku lake lonena za kamvedwe ka munthu, anaphunzitsa kuti munthu amakhala yemwe uja malinga ngati kuzindikira kwake kukufikira zimene anachita kale, moti mzimu wa kalonga utalowa m'thupi la wosoka nsapato pamodzi ndi zokumbukira zake, wodzukayo angakhale kalonga. Thomas Reid wa ku Scotland anamutsutsa mu 1785 ndi chitsanzo cha mkulu wa asilikali wokalamba amene akukumbukira zaunyamata wake kunkhondo koma waiwala zaubwana, pamene mnyamata wa kunkhondoyo ankakumbukira zaubwanazo. Onse awiri ankayang'ana m'mbuyo, ku nkhokwe. Laputopu ya ku Mpamba ija yakhoza mayeso a Locke popanda kuphonya, pakuti ikukumbukira chilembo chilichonse, komabe mphunzitsi amene wakhala patsogolo pake sanganene kuti makina ake abwerera, ndipo sakulakwa. Kukhala yemwe uja ndi funso lina, kukhalaponso pakati pa ena ndi funso linanso, ndipo nzeru za ku Ulaya za nthawi imeneyo zinatha mphamvu zambiri pa loyambalo.

Thupi la munthu nalonso silidzuka lonse nthawi imodzi. Mu 1953 Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman a ku yunivesite ya Chicago anafotokoza gawo la tulo limene maso amayendayenda mofulumira zikope zili zotseka, limene maloto ambiri amadzeramo, ndipo zinadziwika pambuyo pake kuti pa gawo limeneli ubongo umamanga minofu ya manja ndi miyendo kuti wolotayo asachite zimene akulota. Nthawi zina maganizo amadzuka chingwe chimenechi chisanamasuke, ndipo munthu amaona denga la nyumba yake, amamva tambala akulira, koma sangathe kusuntha chala kapena kufuula, pachifuwa pakulemera ngati wina wamukhalira. Zimatha pakapita masekondi kapena mphindi zochepa, koma m'midzi yambiri zimatchedwa ntchito ya mfiti, ndipo mawa lake dzina la nkhalamba ina limayamba kunong'onedwa, ngakhale lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti. Apa kulakwitsa pofufuza gwero la vuto kumapweteka munthu wosalakwa, pamene mmisiri akalakwitsa mwini makina amangotaya ndalama za kiyibodi yatsopano imene sinkafunika.

Kolemera kwambiri ndi kusayankha kumene sikutha m'mawa. Mu 1861 dokotala Paul Broca wa ku Paris anafotokoza za wodwala amene ankamva zolankhulidwa koma pakamwa pake pankangotuluka kaliwu kamodzi, ndipo wodwalayo atamwalira anapezeka ndi chilonda kumanzere kwa ubongo. Odwala sitiroko ambiri, amene chiwerengero chawo chikukula pamodzi ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, amakhala m'gulu limeneli. Pali ena amene thupi lonse limauma maganizo ali bwinobwino, monga Jean-Dominique Bauby, mkonzi wa magazini ya Elle ku France, amene anadwala mu December 1995 n'kutsala ndi chikope chakumanzere chokha, ndipo pophethira chilembo chimodzichimodzi pamene wina ankamuwerengera afabeti analemba buku lonse, limene linatuluka mu March 1997 kutatsala masiku ochepa kuti amwalire. Mu 2006 Adrian Owen ndi anzake ku Cambridge anapempha mayi wina amene ankaonedwa ngati wosazindikira kanthu kuti ayerekeze kuti akusewera tenesi, ndipo makina ojambula ubongo anaonetsa kuti anamva n'kuchita zimene anauzidwa. Zimene anachita owerengera Bauby afabeti ndi zomwe mmisiri amachita polowetsa kiyibodi ina: khomo lozolowereka litatsekeka, anafunafuna lina m'malo mogamula kuti m'nyumbamo mulibe munthu.

Chiphunzitso cha umunthu, chimene akatswiri a zaumulungu a m'dziko lino monga Augustine Musopole ndi Harvey Sindima analembapo, ndiponso chimene mwambi wakuti kali kokha n'kanyama umachinena mwachidule, chimati munthu amakhala munthu mwa ubale wake ndi ena. Pa nkhani ya kudzuka chiphunzitsochi chimaona chimene Locke sanaone, koma chili ndi mbali yoopsa ngati chigwiridwa mosasamala, chifukwa munthu akhoza kuganiza kuti amene sakuyankha moni watuluka m'gulu la anthu, n'kuyamba kukamba za iye ngati katundu iye ali pomwepo. Mfundo ziwiri ziyenera kugwiridwa pamodzi ngakhale zikukokana. Kudzuka kumene sikunafike pa kuyankhana n'kosakwanira, ndipo wodwalayo ndiye woyamba kudziwa zimenezi. Koma kusayankha ndi chilema cha njira yolumikizira, ndipo pakokha sikutsimikiza kuti kumbali inayo kulibe womva. Ngati ubale ndiwo umunthu, ndiye kuti ubale ukaduka mlandu woumanganso umagwera amene ali ndi manja ndi pakamwa.

Nkhani za kuuka za m'Buku Lopatulika zimaima pa mfundo yomweyi kuposa mmene alaliki a mbali zonse amazindikirira. Pa Yohane 11 Yesu amanena za Lazaro ngati wogona, mawu amene a Sabata amawakonda, koma nkhaniyo sinena kalikonse za kumene Lazaro anali masiku anayi aja, ndipo imathera pa munthu wotuluka m'manda manja ndi miyendo zili zomangidwa, nkhope ili yokulungidwa, mpaka oimirira pamenepo atalamulidwa kuti amumasule. Mphamvu youkitsa inachokera kwa Mulungu, koma kumasula nsalu kunasiyidwira abale. Pa Marko 5 mwana wamkazi wa Yairo atadzuka, lamulo lotsatira linali lakuti apatsidwe chakudya, ndipo pa Luka 24 Yesu woukayo anatsimikiza kuti si mzukwa podya nsomba yootcha pamaso pa ophunzira ake, umboni umene munthu wa kunyanja, wodziwa kuti mlendo amakhala wafika akasamba m'manja n'kutema kondowole, sangavutike kuumva. Zekariya, pa Luka 1, atatsekedwa pakamwa kwa miyezi, anapempha cholembapo kuti atchule dzina la mwana wake, ndipo anthu anamupatsa. N'chifukwa chake Chikhulupiriro cha Atumwi chimatchula kuuka kwa thupi, ndipo Thomas Aquinas, amene ankakhulupirira ndithu kuti mzimu sufa, anaphunzitsabe kuti mzimu pawokha si munthu wathunthu. Chigamulo choyenera pa mkangano wa pa msasa wa maliro uja n'chakuti mbali zonse zikukangana pa gawo limene malembawo sanenapo zambiri, n'kusiya gawo limene amalifotokoza mwatsatanetsatane, la manja omasulidwa ndi chakudya cholandiridwa.

Fanizo la makina lili ndi malire ake, ndipo kuwabisa kungakhale chinyengo. Kompyuta sivutika ndi kusamvedwa, siopa, ndipo mkati mwake mulibe amene akudikira. Wovutikayo ndi munthu amene wakhala panja pake. Kiyibodi ikafadi imachotsedwa n'kuikapo ina yogula ku Mzuzu, makina osataya kanthu, pamene lilime la munthu lilibe sipeya. Ndiponso makina sangatsimikize kapena kutsutsa kuti mzimu ulipo, monganso wotchi sinathe kutero m'zaka zimene anzeru ankayerekeza chilengedwe ndi wotchi. Chimene fanizoli lingapereke n'chochepa koma chogwirika, ndicho ndondomeko ya kafunsidwe: kusiyanitsa chimene chafa ndi chimene sichikumveka, ndi kuyesa makomo onse munthu asanagamule.

Ndondomeko imeneyi ili ndi ntchito m'makomo a ku Mpamba, kumene munthu wamkulu amatha kudzuka m'mawa pakamwa patapotoka, mkono umodzi utalefuka, moni osatha kuubweza. Wotereyu athamangitsidwe nthawi yomweyo kuchipatala, kaya cha boma ku Mkondezi kaya chachikulu ku Mzuzu, osayamba kudikira kuti aone mmene kuchere kapena kufunafuna amene wamulodza, chifukwa pa sitiroko maola oyambirira ndiwo amapulumutsa ubongo. Akabwerera kunyumba ali chete, afunsidwe funso limodzi pa nthawi, lofuna inde kapena ayi, apatsidwe dzanja kuti afinye kapena auzidwe kuti aphethire, ndipo apatsidwe nthawi yokwanira yoyankhira. Nkhani za bokosi lake ndi za amene adzatenge munda wa chinangwa zikakambidwe kutali ndi mphasa yake, chifukwa kawirikawiri amakhala akumva.